Kuteteza chigayo ku ngozi, milandu ndi kuluza: zoyenera kuchita ndi ndondomeko yake

Ndalama za chigayo zimalowa pang'onopang'ono, chitini ndi chitini, koma zimatha kutuluka zonse tsiku limodzi. Mota ikapsa, wogaya akaduka zala, kapena moto ukabuka usiku, phindu la zaka zingapo limapita. Malangizowa ndi a munthu amene ali ndi chigayo cha magetsi kapena cha dizilo pa tireding'i senta ku Malawi, wokhala ndi antchito awiri, atatu kapena asanu. Zambiri zithandizanso akalipentala, owotcherera zitsulo ndi oyenga mafuta a mpendadzuwa.

Ndondomeko yake musaisinthe. Yambani ndi kuchotsa ngozi pa makina ndi pa magetsi, kenako konzani mapepala, inshuwalansi ibwere pomaliza. Kampani ya inshuwalansi imalipira potengera zomwe munaiuza polembetsa komanso zomwe mungathe kutsimikiza ngozi itachitika. Amene wagula inshuwalansi mawaya ali olumikiza mwachinyengo, malisiti kulibe, antchito sanalembedwe paliponse, wagula pepala lomwe lidzamukana tsiku lomwe akulifuna.

Yambani ndi kuyendera chigayo chanu muli ndi kope

Sankhani tsiku lomwe magetsi azima. Tengani wogaya wanu, chifukwa ndiye akudziwa malo omwe amamugwira shoko ndi bawuti yomwe imamasuka sabata iliyonse. Yambirani pakhomo pomwe anthu amandandalika madengu ndi matumba, tsatirani njira ya chimanga mpaka potulukira ufa, mumalizire kosungira ndalama ndi kogona mlonda. Pa malo aliwonse lembani zinthu zitatu: chomwe chingalakwike, yemwe chingamupweteke, ndi ndalama zomwe chingakudyereni. Mukamaliza chongani zomwe zingaphe munthu kapena kutseketsa chigayo kupitirira mwezi. Zimenezo ndiye zoyamba kukonza. Utoto wa khoma ndi chikwangwani zidikire.

Malamba, mapule ndi mahamala

Ngozi zoopsa kwambiri zimachokera pa malamba ochoka ku mota kupita ku makina. Zigayo zambiri zimagaya malamba ali pamtunda, chifukwa chotchinga chinachotsedwa tsiku lina pokonza ndipo palibe anachibwezera. Mota ya chigayo imazungulira pafupifupi ka 1,450 kapena ka 2,900 pa mphindi. Nsonga ya chitenje, mkono wa malaya kapena chingwe cha thumba zikakodwa pa pule, munthu sapeza mpata wodzichotsa. Pitani kwa wowotcherera akupangireni chotchinga cha felemu yachitsulo ndi waya wa maso ang'onoang'ono oti chala sichingalowe. Chiphimbe malamba ndi mapule onse, ndi mbali ya kukhoma yomwe, ndipo chimangidwe ndi mabawuti, osati kungokoleka.

Kenako lekanitsani ogayitsa ndi makina. Khoma lalifupi kapena chitsulo chofika m'chiuno n'chokwanira. Mayi wobereka mwana akawerama kuti awole ufa, maso ake amakhala pa dengu, pomwe mutu ndi manja a mwana zili kumbuyo komwe iye sakuona. Ngati potulukira ufa pali pafupi ndi lamba, sunthani chimodzi mwa ziwirizi, ngakhale zitafuna kugumula simenti. Ana otumidwa kuchigayo azidikirira kunja kwa mzere, wogaya ndiye aziwatengera chimanga.

Chigayo chikatsamwa, makamaka ndi mphale yosauma bwino, wogaya amafuna kupisamo dzanja msanga chifukwa mzere watalika. Lamulo la panyumbapo likhale ili, ndipo lilembedwe pakhoma: zimitsani, dikirani mpaka mahamala asiyiretu kuzungulira, tsekani switchi yaikulu ndi loko, kiyi akhale m'thumba mwa amene akutsegula makinawo. Loko ameneyu ndi wofunika kwambiri kuno chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Magetsi akathima, wogaya amaona kuti wapeza nthawi yosinthira sefa, ndipo amaiwala kuti makina anali oyatsa. Sitata yabwino imadzimasula yokha magetsi akachoka, ndipo siyamba mpaka munthu atadinanso batani. Koma pali zigayo zomwe kontakitala yake, kachipangizo ka m'sitata kolumikiza magetsi ku mota, inatopa, ena n'kuipanikiza ndi kamtengo kuti izingogwira. Pamenepo magetsi akabwera, mota imanyamuka manja a munthu ali m'kati. Mukapeza kamtengo kotere, chigayo chisagayenso mpaka kontakitala yatsopano itaikidwa.

Mahamala akatha mbali imodzi, atembenuzeni onse tsiku limodzi, ndipo posintha sinthani seti yonse. Kuika limodzi latsopano pakati pa akale kumachititsa kuti mbali ina ilemere. Makina amayamba kunjenjemera, maberingi amatha msanga, mabawuti a pansi amamasuka, ndipo hamala likathothoka limaboola sefa. Ikani maginito wamphamvu panjira yothirira chimanga ndipo muzimupukuta madzulo aliwonse. Mudzapezapo misomali, timawaya ndi mabawuti, zomwe zikanang'amba sefa, kuthetheka moto m'kati, kapena kupereseka n'kulowa mu ufa wa anthu.

Malamba asakhale olimba kwambiri kapena olefuka. Mukadina pakati ndi chala, lamba azitsika pafupifupi mamilimita 16 pa mita iliyonse ya mtunda wa pakati pa mapule awiriwo. Wolefuka amaterereka n'kutentha, wolimba kwambiri amadya maberingi a mota. Girisi naye akachuluka amatenthetsa beringi m'malo moiziziritsa. Pakatha ola mukugaya, zimitsani, mugwire nyumba ya beringi: ngati dzanja silingakhalepo, pali vuto.

Magetsi

Ntchito yonse ya mawaya igwiridwe ndi munthu amene ali ndi chilolezo cha bungwe la MERA, ndipo akupatseni pepala losonyeza zomwe waika ndi zomwe wayeza. Pepalalo lisungeni, lidzafunika kwa a inshuwalansi.

Mota ya mafezi atatu imafuna chitetezo cha mitundu itatu. Choyamba ndi ovalodi, kachipangizo kodula magetsi mota ikalemedwa, yoikidwa molingana ndi ma amp olembedwa pa kachitsulo ka mota. Ovalodi ikamadula pafupipafupi, ena amangoikweza kuti isavute. Imakhala ikukuuzani kuti mukuthira chimanga chambiri, sefa yatsekeka, kapena magetsi afooka, ndipo mukaikweza mota ndiyo imapsa m'malo mwake. Chachiwiri ndi kachipangizo kozimitsa mota fezi imodzi ikasowa. Fyuzi imodzi ikapsa ku thiransifoma, mota yomwe ikuzungulira kale siima. Imapitiriza ndi mafezi awiri, ikulira mosiyana ndi masiku onse, ndipo mawaya ake amapsa m'mphindi zochepa. Mtengo wa kachipangizoka ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kuluka mota mwatsopano, osawerengera masabata omwe chigayo chikhale chotseka. Chachitatu ndi waya wa ethi wolumikiza thupi la mota, thupi la makina ndi bokosi la switchi ku chitsulo chokhomedwa pansi. Wogaya akanena kuti makina akuluma akawagwira, musamuuze kuti avale nsapato. Zimitsani, itanani wamagetsi. Masoketi otchajira mafoni ndi a wailesi akhale ndi chodulira magetsi cha 30 mA.

Bokosi la switchi lizikhala lotseka nthawi zonse, ndipo fumbi la ufa lizichotsedwa pa mota sabata iliyonse, chifukwa likakuta mizere ya kunja kwa mota, kutentha sikutuluka. Za kulambalala mita ya ESCOM musaziganize n'komwe. Ndi mlandu, ndipo moto ukabuka, woyesa wa kampani ya inshuwalansi amayamba kuyang'ana pomwepo.

Ngati chigayo ndi cha dizilo, paipi ya utsi ituluke kunja ndithu, isayandikire denga la udzu kapena mitengo ya denga. Utsi wa injini m'chipinda chotseka umapha. Migolo ya dizilo ikhale m'kachipinda kena, ndipo musathire mafuta injini ikulira.

Fumbi, phokoso ndi moto

Fumbi la ufa limayaka, ndipo likakhala lambiri m'mwamba m'chipinda chotseka limatha kuphulika likakumana ndi moto. Sesani tsiku lililonse, osaiwala pamwamba pa mitanda ya denga ndi pa mababu, pomwe limaunjikana osaoneka. M'chigayo musalowe fodya, kandulo, koloboyi kapena mbaula ya mlonda. Nthawi yozizira, mu June ndi July, mlonda amafuna kuotha, choncho mukonzereni malo ake panja. Wowotcherera akabwera kudzakonza makina, sesani kaye, chotsani matumba ndi madeya, ndipo wina atsale akuyang'anira malowo kwa ola lathunthu ntchito itatha, chifukwa moto wa m'madeya umanyeka mobisika.

Gulani chozimira moto cha paudala wouma (dry powder) cha makilogalamu 9, muchipachike pafupi ndi khomo, osati kuseri kwa makina komwe moto ungakutsekerezeni. Pafupi ndi bokosi la magetsi ikani china cha CO2, ndipo kwa a dizilo onjezani ndowa ziwiri za mchenga wouma. Aliyense wogwira ntchito pamenepo achigwirepo ndi manja ake: kuzula pini, kuloza patsinde pa moto, kufinya, kuyendetsa uku ndi uku. Madzi sathira pa moto wa magetsi kapena wa dizilo. Zozimirazi ziziyesedwa chaka chilichonse, ndipo kapepala ka tsiku loyesa kazioneka.

Phokoso lopitirira madesibelo 85 kwa maola 8 patsiku limagonthetsa makutu pang'onopang'ono, ndipo makutu akafa sabwerera. Ngati mukufunika kukuwa kuti munthu amene ali pafupi nanu amve, phokosolo lafika pamenepo. Wogaya akhale ndi zotseka m'makutu, chophimba mphuno choletsa fumbi, ovolosi yosalendewera ndi nsapato zotseka. Zisainidwe m'buku tsiku lomwe wazilandira. Magolovesi ndi onyamulira zitsulo makina atazima, asavalidwe pafupi ndi chinthu chozungulira.

Kumbukiraninso kuti chomwe chimatuluka m'chigayo ndi chakudya. Mankhwala a makoswe, feteleza ndi mankhwala a mbewu zisasungidwe m'chipinda chogayira. Chimanga cha mbewu chopakidwa mankhwala a mtundu musalole kuti chigayidwe, ngakhale mwini wake atanena kuti wachitsuka. Chimanga chachuku kwambiri chikaneni, chifukwa ufa wake umatsalira m'makina n'kulowa mu ufa wa wotsatira.

Munthu akavulala

Bokosi la chithandizo choyamba likhale ndi mabandeji akuluakulu, thonje, pulasitala, sizasi ndi magolovesi a pulasitiki, ndipo nambala ya galimoto kapena njinga yamoto yodalirika ilembedwe pakhoma. Munthu akagwidwa ndi magetsi, zimitsani kaye musanamukhudze. Akatemeka kwambiri, panikizani pabalapo ndi nsalu yoyera, kwezani mkonowo m'mwamba, thamangirani kuchipatala. Chala chikaduka, chikulungeni m'nsalu yoyera yonyowa, chiikeni m'pepala la pulasitiki lomanga, pepalalo likhale m'madzi ozizira, chipite limodzi ndi wovulalayo. Wopsa athiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20, osapaka mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano. Tsiku lomwelo lembani m'buku zomwe zachitika, nthawi yake ndi omwe anaona.

Mapepala a bizinesi ndi a malo

Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya Registrar General, tengani nambala ya msonkho ya TPIN ku MRA, ndi laisensi ya bizinesi ku khonsolo ya boma kapena ya mzinda wanu, yomwe imafuna kukonzanso chaka ndi chaka. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito la 1997 limafuna kuti malo ngati chigayo alembetsedwe ku unduna wa zantchito, ndipo limapatsa oyendera mphamvu yolowa n'kuona makina. Ngati mumalipiritsa pa kilogalamu, sikelo yanu iyesedwe ndi a Malawi Bureau of Standards. Mitengo ya kugaya ndi kukonola ilembedwe poonekera.

Ganizirani bwino ngati bizinesi ikhale m'dzina lanu kapena ikhale kampani. Ikakhala m'dzina lanu, ngongole ndi milandu ya chigayo ndi yanu, ndipo khoti likhoza kulamula kuti katundu wanu wapakhomo agulitsidwe. Lamulo la makampani la 2013 limalola munthu mmodzi kutsegula kampani, ndipo zikatero ngongole za kampani zimathera pa chuma cha kampaniyo. Koma chitetezochi chimagwira ngati ndalama za chigayo zili ndi akaunti yakeyake, yosasakanikirana ndi ya ndiwo ndi fizi. Komanso mukasainira banki kuti inuyo mudzabweza kampani ikalephera, ngongole imeneyo yabwerera pamutu panu.

Nkhani ya malo imagwetsa zigayo zambiri zomwe makina ake ali bwinobwino. Munthu amamanga nyumba ya chigayo, kukoka magetsi a mafezi atatu ndi ndalama zake, pa malo omwe anangogwirizana pakamwa ndi mwini wake. Mwiniyo akamwalira, ana amabwera ndi mtengo wina kapena amafuna malo awo. Lembani pangano lonena kutalika kwa nthawi, lendi ndi kakwezedwe kake, nthawi yochenjezana musanasiyane, komanso mwini wa nyumba, mawaya ndi maziko a makina pangano likatha. Asainire ndi mboni za mbali zonse, ndipo ngati ndi malo a kumudzi, amfumu adindepo. Ngati munasonkherana ndi achimwene anu kapena alamu anu pogula makina, lembaninso kuti wina anaika zingati, phindu ligawidwa motani, ndipo wofuna kutuluka adzalandira chiyani. Kulemba sikusonyeza kukayikirana. Kumateteza akazi ndi ana a nonse mmodzi akadzatsogola.

Matumba a anthu ogona m'chigayo chifukwa magetsi anazima ndi udindo wanu. Likhalepo buku lolemba dzina, kuchuluka kwa matumba ndi tsiku, ndipo thumba lililonse lilembedwe nambala.

Antchito

Wogaya, kalaliki ndi mlonda aliyense akhale ndi kalata ya ntchito, ngakhale atakhala mphwanu kapena mwana wa mlongo wanu. Ilembe tsiku loyamba ntchito, ntchito yake, malipiro, maola ndi tchuthi. Lamulo la ntchito la 2000 limaika maola 48 pa sabata, ndipo opitirira pamenepo amalipiridwa mwapadera. Wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 a tchuthi pa chaka, wogwira masiku 5 ali ndi 15. Malipiro otsikitsitsa boma limawasintha nthawi ndi nthawi, choncho funsani ku ofesi ya zantchito ya boma lanu chaka chilichonse. Mwana wosakwana zaka 14 salembedwa ntchito, ndipo wosakwana zaka 18 sayenera kupatsidwa ntchito yoopsa ngati yoyendetsa chigayo. Malipiro aliwonse asainidwe, kapena atumizidwe pa Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti pakhale umboni. Lamulo la penshoni limati bwana aziika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, ndipo bwana agulire wantchito inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Tengani mndandanda wa antchito anu, mukafunse ku ofesi yomweyo mmene mungalembetsere.

Pochotsa munthu ntchito ndi pomwe eni zigayo ambiri amaluza milandu, ngakhale wantchitoyo atalakwadi. Lamulo limafuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka, ndi mwayi woti munthuyo adziteteze asanachotsedwe. Ndalama zikasowa, musamuthamangitse pompo anthu akuona. Mulembereni mlandu wake, mupatseni tsiku loti adzayankhe, pakhale mboni, zokambiranazo zilembedwe, kenako chigamulo chiperekedwe m'kalata. Wochotsedwa ali ndi miyezi itatu yokadandaula kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lanu, ndipo nkhani ikakanika imapita ku Industrial Relations Court, komwe bwana ndiye amafunika kusonyeza kuti chifukwa chinalipo.

Kuba kwa pang'onopang'ono kumagwidwa ndi mita. Kwa sabata imodzi khalani pachigayo nokha, muwerenge mayunitsi kapena malita omwe apita ndi ndalama zomwe zalowa. Mukadziwa kuti yunitsi imodzi imabweretsa ndalama zingati, kalaliki azilemba nambala ya pa mita m'mawa ndi madzulo. Kusiyana kukakula, mwina wina akugaya osalemba, mwina mahamala atha ndipo makina akudya magetsi ambiri. Zonse ziwiri n'zofunika kuzidziwa.

Tsopano nkhani yolemera. Lamulo la chipukuta misozi cha antchito la 2000 limaika udindo pa bwana wantchito akavulala kapena kumwalira pa ntchito. Wolumala kotheratu amayenera malipiro a miyezi 54, ndipo banja la womwalira limayenera a miyezi 42. Tiyerekeze wogaya wolandira K150,000 pa mwezi: kulumala kotheratu ndi K8,100,000, imfa ndi K6,300,000, osawerengera za kuchipatala. Woduka zala kapena dzanja amalandira gawo la ndalamazo molingana ndi mmene dokotala wayezera. Kumutchula kuti waganyu sikukuchotserani udindo ngati ntchito yomwe amagwira ndi ya chigayo chanu. Ngozi yotere ikanenedwe msanga ku ofesi ya zantchito. Kugwirizana mwamseri ndi banja, kupereka mbuzi ndi matumba a chimanga, sikutseka mlandu.

Inshuwalansi: yogula ndi yosiya

Zowonongeka zing'onozing'ono, monga malamba, sefa ndi maberingi, sizofunika inshuwalansi. Zimenezo muzizilipira kuchokera ku thumba lapadera, lomwe mumaikamo kangachepe tsiku lililonse logaya, mpaka litakwana kuluka mota kamodzi ndi kulipira antchito miyezi iwiri. Inshuwalansi ndi ya zomwe thumbalo silingathe.

Ndalama zikachepa, yambani ndi ya kuvulala kwa antchito, chifukwa cha ziwerengero zili pamwambazi. Yachiwiri ndi ya moto pa nyumba, makina ndi katundu. Yachitatu ndi ya anthu obwera pamalo panu, yomwe pa chikalata amailemba kuti public liability: imalipira wogayitsa kapena mwana wake akavulala chifukwa cha kulakwa kwanu. Ngati muli ndi galimoto kapena njinga yamoto yonyamulira matumba, inshuwalansi ya third party ndi yokakamiza mwalamulo, koma dziwani kuti silipira galimoto yanu kapena katundu amene ali m'menemo. Ya kuba, ya ndalama ndi ya kuwonongeka kwa makina zibwere bizinesi ikamakula.

Gulani ku kampani, kwa broker (mkhalapakati wa inshuwalansi) kapena kwa ejenti amene ali ndi laisensi ya Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira makampani a inshuwalansi. Funsani mitengo ku makampani atatu, ndipo poyerekeza musayang'ane mtengo wokha. Funsani mafunso awa, mayankho ake akuonetseni pa chikalata.

Kodi mota yopsa chifukwa cha magetsi ilipiridwa? Kawirikawiri inshuwalansi ya moto silipira makina omwe apsa okha ndi magetsi a m'kati mwake. Zimenezo zimagwera ku inshuwalansi ya kuwonongeka kwa makina, ndipo nayonso silipira zinthu zongotha ndi ntchito monga mahamala ndi malamba. Kodi madzi osefukira, mphepo yosasula denga ndi mphezi zilimo? Namondwe Freddy wa mu March 2023 anaonetsa ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi m'chigwa cha Shire kuti funsoli si la anthu a m'mbali mwa mitsinje okha. Kodi zipolowe zilimo? Mashopu anathyoledwa pa zionetsero za July 2011 komanso za 2019, ndipo zikalata zambiri zimasiyanitsa chipolowe wamba ndi chandale. Kodi chimanga cha anthu chogona m'chigayo chawerengedwa? Ngati simunachitchule, ndiye kuti sichilimo. Pa ya kuba, funsani ngati imalipira pokhapokha pali chizindikiro choti anathyola, chifukwa zambiri zimatero, ndipo kuba kwa wantchito amene ali ndi kiyi kumakhala kunja. Funsaninso zomwe mukulonjeza posaina: mlonda usiku uliwonse, zitsulo m'mawindo, zozimira moto zoyesedwa. Mukalonjeza mlonda ndipo usiku wakubawo anali kumaliro popanda wolowa m'malo, kampani ikhoza kukana.

Pa fomu nenani zoona zokhazokha. Ngati denga lili ndi mitengo ndi pulasitiki, ngati mumasunga dizilo, ngati munapsapo kale, lembani. Kubisa kumatsitsa mtengo lero, koma kumapatsa kampani chifukwa chothetsera pangano lonse.

Cholakwa chofala kwambiri ndi kulembetsa mtengo wotsika. Tiyerekeze kuti nyumba ndi makina anu zingafune K30,000,000 kuti zibwezeretsedwe lero, koma inu munalembetsa K15,000,000, mwina pofuna kuchepetsa zolipira, mwina chifukwa ndi mtengo womwe munagulira kale. Moto wawononga za K10,000,000. Mungaganize kuti alipira zonse popeza sizinafike pa K15,000,000. Satero. Ndime yomwe amaitcha average imati munateteza theka la katundu, choncho alipira theka la zowonongeka, K5,000,000. Pamenepo achotsanso excess, gawo loyamba lomwe mumalipira nokha pa ngozi iliyonse. Vutoli ndi lalikulu kuno chifukwa mota, mawaya ndi maberingi zimachokera kunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene sanasinthe ziwerengero zake anapezeka kuti wateteza gawo lochepa la makina ake osadziwa. Chaka chilichonse musanalipire, tengani makotesheni atsopano a mota ndi makina kwa ogulitsa, mufunse mmisiri mtengo womangira nyumba ngati yanuyo, mulembetse ziwerengero zimenezo. Kwacha ikagwa pakati pa chaka, musadikire kuti chaka chithe.

Mukalipira, tengani lisiti la kampani yeniyeniyo ndi chikalata chonse, osati tsamba loyamba lokha. Jambulani makina onse ndi foni, ndi kachitsulo ka mota koonetsa nambala yake. Zithunzizo, malisiti, laisensi ndi makalata a antchito zikhale ndi makope kunyumba ndi pa imelo, chifukwa mapepala osungidwa m'chigayo amapsa limodzi ndi chigayocho.

Ngozi ikachitika

Thandizani anthu kaye. Kenako imbirani kampani kapena broker tsiku lomwelo, mutsatize ndi uthenga wolemba, popeza chikalata chilichonse chili ndi masiku ake odziwitsira. Pa moto ndi kuba kanenani kupolisi, mutenge lipoti. Jambulani zonse musanasunthe kanthu. Tetezani zotsala kuti zisawonongeke kwambiri, monga kufolera makina ndi lona denga likasasuka, koma musataye mota yopsa, loko wothyoledwa kapena chitseko, ndipo musayambe kukonza woyesa wa kampani asanafike kapena asanakuloleni m'kalata. Wogayitsa akavulala, muthamangitseni kuchipatala ndipo mukamuzonde monga mwa umunthu, koma musasaine pepala lovomera mlandu kapena lolonjeza ndalama kampani isanadziwe, chifukwa zikalata zambiri zimaletsa zimenezo. Polemba zomwe zawonongeka musawonjezere ngakhale thumba limodzi. Bodza limodzi likapezeka, zonse zimakanidwa.

Kampani ikakana kapena ikachepetsa ndalama, pemphani chifukwa chake m'kalata, chotchula ndime yomwe agwiritsa ntchito. Dandaulani kaye kwa akuluakulu a kampaniyo. Mukapanda kukhutira, tengani kalatayo, chikalata chanu, malisiti ndi zithunzi, mupite nazo ku ofesi ya Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imalandira madandaulo a ogula inshuwalansi.